Masabata awiri okha: mmene mungayambire agile pa timu yaing'ono yolemba mapulogalamu

Chaka chathachi tinataya miyezi inayi tikupanga pulogalamu ya pa foni imene palibe anaigwiritsa ntchito. Tilipo asanu, ndipo ofesi yathu ndi chipinda chimodzi cha lendi kuno ku Mangochi boma, kufupi ndi msewu wotsikira ku mlatho wa Bakili Muluzi. Ntchito imene tinapeza inali yosungira mabuku a magulu a banki m'khonde: masheya, ngongole, chiwongola dzanja, faini ya ochedwa, thumba la zadzidzidzi. Bungwe lina linatipatsa chikalata chochindikala chofotokoza zimene likufuna. Tinachilandira ndi manja awiri, tinatseka chitseko, n'kuyamba kulemba code, malamulo amene kompyuta imatsata.

Tsiku lokaionetsa tinapita kugombe lina cha ku Malindi, kwa gulu la amayi ogulitsa usipa. Amayi msungichuma anapukuta manja pachitenje n'kulandira foni. Anaipendeketsa uku, anaipendeketsa uko, kenako anaiphimba ndi mpango. Zilembo zathu zotuwa, zimene mu ofesi zinkaoneka zapamwamba, padzuwa la kunyanja zinasoweratu. Atasunthira pamthunzi anayamba kulowetsa mayina, ndipo pa membala wachitatu pulogalamu inakana, ati nambala ya foni imeneyi yalembedwa kale. Anandiyang'ana. "Nanga mwananga, ine ndi mlamu wangayu foni yathu ndi imodzi. Ndiye mmodzi atuluke m'gulu?" Gulu lonse linafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, chifukwa nambala ya foni ndiyo inali msana wa database yathu yonse, nkhokwe imene pulogalamu imasungiramo zolembedwa.

Tikanapita kugombe kuja sabata yachiwiri, bwenzi zimenezi titazikonza tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo tinasintha kagwiridwe ka ntchito n'kuyamba agile, kupanga pang'onopang'ono tikuonetsa anthu pafupipafupi, ndipo zimene ndilembe pano ndi zimene timachita lero, kuphatikizapo zimene tinayesa n'kuzisiya.

Dzina la agile linafala kuyambira mu Febuluwale 2001, pamene akatswiri 17 a mapulogalamu anakumana ku Snowbird, ku Utah m'dziko la America, n'kulemba kachikalata kotchedwa Agile Manifesto. Mfundo zake zikuluzikulu ndi zinayi: anthu ndi kumvana kwawo n'zofunika kuposa zida ndi ndondomeko, pulogalamu yogwira ntchito kuposa mulu wa zikalata, kugwirira limodzi ndi kasitomala kuposa kukokana pa kontrakiti, kusintha zinthu zikasintha kuposa kukakamira pulani yakale. Sanati zida, zikalata, kontrakiti ndi pulani n'zachabe ayi, anangoti zisakhale patsogolo. Njira yodziwika kwambiri yochitira zimenezi ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. Ina ndi Kanban, imene mizu yake ili m'mafakitale a galimoto a Toyota ku Japan. Ife tinatapa uku ndi uku. Mukamva wina akunena kuti zathuzi si Scrum yeniyeni, akunena zoona, ndipo sizitisowetsa tulo.

Musanagule chilichonse, musanatsegule akaunti ya Jira kapena Trello (mapulogalamu a pa intaneti olondolozera ntchito), pezani anthu awiri. Woyamba ndi munthu mmodzi, osati komiti, amene ali ndi mphamvu yonena kuti ichi chiyambe, icho chidikire. Mu Scrum amamutcha Product Owner. Kwa ife ndi mayi wina wa kubungwe lija amene amayendera magulu, ndipo tinachita kukambirana ndi abwana ake kuti akanena iye, zanenedwa. Poyamba tinkalandira malamulo kuchokera kwa anthu atatu, wina ali ku Lilongwe, wina ku Zomba, aliyense akuti chake ndicho chachangu. Wachiwiri ndi munthu amene adzagwiredi foniyo m'manja. Ameneyu musalole kuti wina azikuyankhulirani m'malo mwake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wolemba chikalata chija sananame, koma sanakhalepo pamphasa tsiku logula masheya n'kuona kuti foni imodzi imatumikira mabanja atatu.

Kenako bolodi. Lathu ndi pulayiwudi yopaka penti yoyera, yokhomedwa kukhoma, yogawidwa ndi tepi m'zigawo zinayi: Zodikira, Zili m'manja, Ayese wina, Zatha. Ntchito iliyonse ili pa kapepala kake. Ndikudziwa kuti pali mapulogalamu abwino a pa intaneti ochitira zomwezi, ndipo ngati timu yanu ili yobalalika muwafuna. Koma bolodi la pakhoma silifuna data, magetsi akazima silizima nawo, ndipo munthu sangalowe m'chipindamo osaliona. Madzulo aliwonse wotseka ofesi amalijambula n'kuponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp, basi.

Luso lagona pa kalembedwe ka timapepalato. Kapepala kolembedwa kuti "Kukonza database" n'koipa, chifukwa amayi msungichuma sangakuuzeni ngati katha kapena ayi. Lembani amene akufuna chinthucho, chimene akufuna, ndi chifukwa chake, m'Chichewa choti iyeyo akawerenga avomere. Kathu kena kanati: "Msungichuma aone mayina a amene sanabweze ngongole mwezi uno, asamachite kuvundukula buku lonse." Kumbuyo kwa kapepala timalemba zimene tidzayang'ane kuti tikhutire: dzina, ndalama yotsala, masiku amene apitirira, ndiponso kuti zioneke ngakhale netiweki kulibe. Mulu wonse wa timapepala todikira ndiwo amautcha backlog. Mayi wa kubungwe uja ndiye amausanja, chofunika kwambiri pamwamba. Ife timangomuuza kulemera kwa kalikonse.

Pa kulemera pamenepa tinavutika. Mabuku amanena za story points, manambala oyezera kulemera kwa ntchito monga 1, 2, 3, 5, 8, 13, aliyense kusankha khadi lake mobisa. Tinayesa, ndipo tinkatha theka la ola kukangana ngati ntchito ili ya 3 kapena ya 5. Mnyamata wathu wina, mwana wa msodzi wa ku Makanjira, ndiye anatipulumutsa. Anati tingoti usipa, chambo, kampango. Usipa ndi ntchito yosafika tsiku. Chambo ndi ya masiku awiri kapena atatu. Kampango ndi chilichonse chimene sitingathe kuchiona mutu ndi mchira nthawi imodzi, ndipo lamulo ndi lakuti kampango salowa wathunthu mu sprint (masabata awiri athu a ntchito aja), ayambe wadulidwa nthuli. Podula, musadule kuti sabata ino database yokha, sabata yamawa maonekedwe okha. Dulani kuti nthuli iliyonse munthu athe kuigwiritsa ntchito payokha. "Kugawana ndalama kumapeto a chaka" anali kampango. Tinamudula motere: choyamba kuonetsa masheya onse a membala mmodzi, kenako kuwerengera phindu la gulu lonse, kenako gawo la aliyense, pomalizira kuchotsa ngongole za amene sanamalize kubweza. Nthuli yoyamba yokhayo amayi anayamba kuigwiritsa ntchito zinazo zisanapse.

Chinthu chimodzi chimene ndikanakonda tikanachiyamba kale ndi malire a chigawo cha Zili m'manja. Ife tilipo asanu, koma timapepala tololedwa mmenemo ndi titatu tokha. Chikadzaza, palibe woyamba chatsopano. Amene manja ake ali omasuka apite akathandize mnzake kumaliza, kapena akayese zimene zili pa Ayese wina. Poyamba anyamata ankanyinyirika kuti akungokhala. Koma kale tinkakhala ndi ntchito khumi ndi ziwiri zoyambidwa, iliyonse "yatsala pang'ono", popanda ndi imodzi yomwe yoti n'kuonetsa munthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sprint ndi nthawi yoikika imene timu imalonjeza kutulutsa kanthu kogwira ntchito. Malangizo a Scrum amati isapitirire mwezi umodzi. Ife tinasankha masabata awiri. Sabata imodzi inatichepera, popeza ulendo wa kugombe wokha umadya tsiku; mwezi ndi wautali moti mukhoza kusochera osadziwa. Mukasankha, musamasinthesinthe, ndipo tsiku lomaliza likafika sprint yatha ngakhale ntchito ina yatsala. Yotsalayo imabwerera pamulu kuti isanjidwenso.

Yathu imayamba Lachitatu n'kutha Lachiwiri. Zimamveka zachilendo, koma taganizani za kuno. Lachisanu masana awiri mwa ife amapita kumzikiti, ndipo magulu ambiri amene timawayendera tsiku limenelo sitingawasonkhanitse nthawi yabwino. Lolemba m'mawa amene anapita kumudzi ku Namwera amakhala akadali pamsewu. Kuika msonkhano waukulu pa masiku amenewa n'kudzinamiza.

Lachitatu m'mawa timakhala pansi maola awiri kusankha zoti tichite. Choyamba mayi wa kubungwe amanena cholinga m'chiganizo chimodzi, monga "pofika Lachiwiri linalo gulu lithe kulemba ngongole yatsopano popanda buku". Kenako timatola timapepala kuchokera pamwamba mpaka titaona kuti takwanira. Apa werengani masiku moona mtima. Anthu asanu kwa masiku khumi ndi masiku 50 papepala, koma ife timakonzekera ngati tili ndi 35. Otsalawo amapita ku maliro, ku malungo, ku magetsi ozima, ku kasitomala wakale amene waimba kuti zake zaima. M'mwezi wa Ramadan timatsitsanso, ndipo ntchito yofuna mutu timaiika m'mawa. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, ikamakwana 2 koloko laputopu ndi mwini wake onse amakhala atalefuka. Zimenezi si ulesi, ndi mmene chaka chathu chimayendera, ndipo pulani yosaziwerengera idzakuchititsani manyazi kwa kasitomala.

Tsiku lililonse 8 koloko timaima kutsogolo kwa bolodi mphindi 15. Kuimirirako n'kwadala, kuti nkhani isatalike. Amene ali kutali amatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp isanakwane nthawiyo, ndipo timaumvetsera pamodzi. Msonkhano umenewu ndi umene unatsala pang'ono kufa, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndikukhulupirira kuti matimu ambiri a kuno adzakumana nazo.

Mwezi woyamba aliyense ankayang'ana ine, popeza ndine wamkulu pa timu, n'kunena kuti "zikuyenda, achimwene". Tsiku lotsatira, "zikuyenda". Mtsikana wathu wina, amene anali atangomaliza kumene sukulu, anakhala masiku anayi pa vuto limodzi la kulunzanitsa zolembedwa pa foni ndi za pa seva (kompyuta ya pa intaneti yosungira zonse), tsiku lililonse akuti zikuyenda. Nditakhala naye pambali anati ankaopa kuti tiziti sadziwa ntchito. Vutolo mnzake wa pampando woyandikana naye anali atakumana nalo kale, ndipo analimasula mphindi makumi awiri. Sindimuimba mlandu. Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu sudandaula, ndipo pantchito yoyamba umafuna kuoneka wodziwa. Koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo ikafera mu sprint ya masiku khumi imafa ndi anzake.

Tinasintha zitatu. Sitifunsanso munthu kuti wachita chiyani dzulo, timafunsa kapepala. Timayambira kumanja kwa bolodi, kwa zimene zatsala pang'ono kutha, n'kufunsa kuti kameneka kakusowa chiyani kuti kawoloke. Munthu savutika kunena kuti "kapepalaka kakanirira" mmene amavutikira kunena kuti "ine ndalephera". Chachiwiri, m'mawa uliwonse kapepala kalikonse ka mu Zili m'manja timakadontheza kadontho ka inki, ndipo kakafika madontho atatu anthu awiri amakhalira pa kompyuta imodzi mpaka kasunthe, popanda wofunsa chifukwa. Chachitatu, ine ndimayankhula pomalizira, ndipo ndimayesetsa kuti sabata iliyonse ndinene poyera chimene chandikanika. Woyendetsa msonkhano timasinthana sabata ndi sabata.

Mawu akuti "chatha" mugwirizane tanthauzo lake, mulilembe, mulikhome pambali pa bolodi. Kwa wolemba code, chatha chimatanthauza kuti pa laputopu yake chikuyenda. Kwa ife tsopano kapepala sikalowa mu Zatha pokhapokha code yake yawerengedwa ndi munthu wina, yaphatikizidwa ndi ya anzake pa GitHub (malo a pa intaneti osungirako code), mayeso odziyendera okha (code yoyesa code inzake) a masamu a ndalama adutsa, ndipo chayesedwa pa foni yathu yoyesera. Foniyo ndi itel yakale yosweka galasi pakona, ya malo ochepa, imene tinagula dala pamsika, chifukwa ndi mtundu umene uli m'manja mwa anthu athu. Timayesa data itazimitsidwa, kenako titayatsa. Ndipo woyesayo amatuluka nayo panja, padzuwa. Mzere umenewu tinauwonjezera titabwerako ku Malindi.

Za mayeso odziyendera okha ndingonena mwachidule. Simungathe kulembera chilichonse mayeso, koma paliponse pamene pulogalamu ikuwerengera ndalama za anthu, lembani. Mukamasintha code masabata awiri aliwonse popanda mayeso, tsiku lina mudzaswa chiwongola dzanja osadziwa, ndipo gulu likadzapeza kuti foni yasiyana ndi buku ndi K500 yokha, silidzaikhulupiriranso. Pa Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa code, chizolowezi chathu n'chakuti commit, kapena kuti kusunga zimene wasintha, zikhale zazing'ono ndi zapafupipafupi. Ubwino wa Git ndi wakuti imagwira ntchito popanda intaneti. Netiweki ikabwera mumangokankhira zonse ku GitHub.

Lachiwiri lomaliza m'mawa ndi tsiku loonetsa, limene mu Scrum amati sprint review. Musakonze zithunzi zoonetsa pakhoma. Tengani foni mupite kumene kuli anthu, awiri a pa timu pamodzi ndi mayi wa kubungwe, ndipo ulendo uliwonse azipita ena, kuti aliyense wolemba code aoneko nkhope ya munthu amene akumulembera. Mukafika perekani foni, nenani ntchito, monga "Amayi, talembani kuti awa abwereka K20,000", kenako manja anu muwaike kumbuyo. Apa m'povuta. Chala chawo chikamazungulira kufunafuna batani mumafuna kulozera. Musalozere. Pamene chala chazengereza ndi pamene pali ntchito ya sprint yotsatira.

Dziwaninso kuti anthu athu ndi aulemu. Mukafunsa kuti "Mwaiona bwanji?" adzati ili bwino kwambiri, Mulungu akudalitseni. Funso limeneli n'lotaya nthawi. Funsani kuti, "Mawa pamsonkhano wa gulu, mugwiritsa ntchito foni kapena buku?" Akati buku, funsani chimene buku likuchita chimene foni sikuchita. Ndi funso limeneli tinadziwa kuti amayi ena amasaina ndi chidindo cha chala, ndipo gulu silikhulupirira ngongole imene mwini wake sanaidinde. Tinadziwanso kuti mawu athu akuti "tsimikizani" ambiri sankawamva msanga, popeza pakhomo amayankhula Chiyao. Tinaika "Eya" ndi "Ayi" ndi mitundu iwiri yosiyana, nkhani inathera pomwepo. Ngati ulendo walephereka, mwina mvula yawononga msewu, tumizani pulogalamuyo kwa mlembi wa gulu, muimbe foni, muzimvetsera akuyesa. Koma musalole kuti maulendo awiri otsatizana alephereke.

Madzulo a tsiku lomwelo timatseka chitseko, timu yokha, ola limodzi. Uwu ndiwo retrospective, msonkhano woyang'ana mmene tagwirira ntchito, osati zimene tapanga. Matimu ambiri zinthu zikathina amayamba kudumpha umenewu, pamene ndi umene umakonza misonkhano ina yonse. Aliyense amalemba pa timapepala, osalemba dzina, chimene chayenda ndi chimene chamupweteka. Timaponya m'chipewa, mmodzi amawerenga mokweza. Zolemba popanda dzina zimatulutsa zimene pakamwa sipangatulutse. Tsiku lina munatuluka kapepala kakuti "achimwene amalonjeza kasitomala pa foni asanatifunse". Achimwenewo ndi ine. Kunali zii. Ndinameza malovu n'kuvomera, chifukwa zinali zoona, ndipo ndikanadziteteza tsiku limenelo chipewacho sichikanalandiranso kapepala koona.

Pa zonse zotuluka m'chipewa sankhani chimodzi chokha choti musinthe, mulembe kapepala kake, kakhale ndi mwini wake, kalowe pa bolodi ngati ntchito ina iliyonse. Ulendo wotsatira muyambe ndi kufunsa ngati chinachitika. Kale tinkatuluka ndi mfundo zisanu ndi zitatu zokoma, osachita ndi imodzi yomwe. Madontho a inki aja, malire a timapepala titatu, kusamutsira sprint ku Lachitatu, kusonkherana kugula batire ndi sola yoyendetsera rauta, zonsezi zinabwera chimodzi pambuyo pa chinzake kuchokera m'chipewa.

Pali msampha wina wa manambala. Pakapita ma sprint atatu kapena anayi mudzayamba kuona kuti timu yanu imamaliza timapepala tingati pa masabata awiri. Nambala imeneyi ndi yabwino poyankha kasitomala akafunsa kuti zonsezi zidzatha liti: werengani timapepala totsala, gawani ndi nambalayo, mupatseni nthawi yoyambira apa kufika apa, osati tsiku limodzi. Koma musaisandutse chikwapu. Tsiku limene mudzanene kuti sprint ino tiposepo yapita ija, anthu adzayamba kudula usipa pawiri kuti timapepala tichuluke.

Chovuta chimene sitinachimalize ndi kontrakiti. Mabungwe ambiri amafuna mndandanda wa zonse, mtengo umodzi ndi tsiku limodzi lomaliza, chifukwa nawonso ali ndi amene amawafunsa malipoti. Simungawauze kuti asaine pepala lopanda kanthu. Chimene chatithandiza ndi kugwirizana mtengo ndi nthawi, monga ma sprint asanu ndi limodzi, n'kulembamo kuti mndandanda ukhoza kusinthidwa posinthanitsa: chatsopano chikalowa, china cholemera mofanana chituluke, ndipo asaine ndi munthu mmodzi uja. Malipiro timapempha kuti azibwera pakatha ma sprint awiri aliwonse, pambuyo poonetsa. Ena amavomera, ena amakana. Okanawo timagwira nawobe ntchito, koma timawaitanabe Lachiwiri lililonse loonetsa, ndipo kawirikawiri akabwera kawiri n'kuona amayi akulimbana ndi foni, amayamba okha kupempha kuti mndandanda usinthe.

Ngati mukuyamba mawa, musayambe zonsezi nthawi imodzi. Khomani bolodi, lembani timapepala ta masabata awiri okha, ndipo lero lomwe imbirani munthu amene adzagwire foni mupangane tsiku loti mukamuonetse. Tsikulo likakhala pakalendala, zina zija mudzazifuna nokha. Za satifiketi ya Scrum Master, munthu wothandiza timu kutsata Scrum, mukapeza ndalama kachiteni, imathandiza pofunsira ntchito; ife palibe amene ali nayo.

Gulu la ku Malindi lija tsopano likulemba masheya ndi ngongole pa foni, koma buku sanalitaye, ndipo ife sitinawauze kuti alitaye. Membala aliyense ali ndi nambala yake ya m'gulu, foni ndi yongowonjezera. Lachiwiri lapitali amayi msungichuma anatiuza kuti mwezi wa Disembala, pogawana, akufuna aliyense alandire kapepala kosonyeza gawo lake, chifukwa azibambo kunyumba amafunsa. Printa kugombe kulibe. Kapepala ka nkhani imeneyi kali pamwamba pa mulu, mnyamata wa ku Makanjira wakalemba kuti kampango, ndipo Lachitatu m'mawa tiyamba ndi kukangana ngati SMS ingakwanire.